Sewero la M'kope: Mmene Ndimalukira Njira ndi Zosankha

Tonsefe tinakula tikumvera nthano madzulo n'kumayankha kuti "tili tonse". Koma nthano ili ndi lamulo lake: Kalulu akapulumuka wapulumuka basi, ndipo womvera sangamuuze Fisi kuti adzere njira ina. Lero ndikufuna ndikufotokozereni za mtundu wina wa nthano umene womvera ndiye amasankha kumene nkhani ilowere. Azungu amautcha role-playing game, kutanthauza sewero limene munthu amatenga malo a wina wa m'nkhani ndi kumuganizira zochita. Kupanga sewero lotere sikulira kompyuta. Kope, pensulo ndi mbewu zochepa n'zokwanira.

Masewerawa ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa sewero la Dungeons & Dragons, limene mmodzi amasimba nkhani ndipo anzake amanena zimene achite. Mu 1979 kunatuluka buku la Edward Packard lotchedwa The Cave of Time, lokhala ndi mathero 40. Mu 1982, ku Britain, Steve Jackson ndi Ian Livingstone analemba The Warlock of Firetop Mountain, buku la ndime 400 zokhala ndi manambala. Wowerenga akasankha chochita, bukulo limamuuza nambala ya ndime yoti apiteko. Njira imeneyi ndiyo ndinatengera.

Sewero langa ndinalitcha Chaka cha Fodya, pakuti kwathu ku Chamama, m'boma la Kasungu, moyo wa mabanja ambiri umayendera fodya. M'masewera a kunja wosewera amalimbana ndi zilombo za m'mapanga. Mwa ine mulibe chilombo. Wosewera ndi mnyamata amene bambo ake adwala, ndipo munda wonse watsala m'manja mwake. Ntchito yake ndi imodzi: afike kumapeto kwa nyengo banja lili ndi chakudya, fizi ya mlongo wake italipidwa. Lamulo loyamba ndi limenelo. Musanalembe njira ngakhale imodzi, dziwani chimene wosewera akufuna ndi chimene angataye akalephera.

Tsopano tibwere ku vuto la masamu. Tiyerekeze kuti ndime iliyonse ili ndi zosankha ziwiri, ndipo chilichonse chikutsegula njira yakeyake. Mukasankha koyamba njira zikhala 2, kachiwiri 4, kachitatu 8. Pofika kakhumi mathero akwana 1,024, ndipo ndime zonse zofunika kulemba ndi 2,047. Ngakhale mutalemba ndime zisanu tsiku lililonse, chaka chitha musanamalize. Komanso wosewera mmodzi angawerengepo ndime 11 zokha paulendo wake, zina zonse osaziona. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mankhwala ake ndi kulola njira kuti zipatukane kenaka zikumanenso. Taganizirani tinjira ta m'midzi: wina adzera kudambo, wina kumunda, koma onse akakumana pachigayo. Ulimi wa fodya uli kale ndi malo okumanira otere, chifukwa mlimi aliyense, wolemera kapena wosauka, amadutsa nyengo zofanana. Choncho ndinagawa sewero m'zigawo zinayi: nazale, kuwokera mvula ikagwa, miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, ndi kugulitsa msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Chigawo chilichonse chili ndi ndime 12, ndipo njira zake zonse zimathera pa ndime imodzi yotsegulira chigawo chotsatira. Kuphatikiza ndi mathero 6, ndime zonse ndi 54, zokwana bwino m'kope limodzi.

Mwina wina afunsa: ngati onse akumana pamalo amodzi, kusankha kuli ndi phindu lanji? Yankho ndi lakuti amafika pamalo amodzi koma atasenza akatundu osiyana. Wosewera amakhala ndi timilu titatu patsogolo pake. Njere za chimanga ndi chakudya cha m'nkhokwe, nyemba ndi ndalama, ndipo timiyala ndi chikhulupiriro chimene anthu a m'mudzi ali nacho pa iye. Aliyense amayamba ndi zisanu pamulu uliwonse. Amakhalanso ndi kapepala kolembapo mawu okumbutsa zimene anachita. Timilu ndi kapepalako ndizo zimasunga mbiri yake, kotero ine sindifunika kulemba njira yatsopano ya munthu aliyense.

Nachi chitsanzo cha ndime imodzi. "Ndime 23. Ndi Febuluwale, ufa watha m'nyumba. Venda wafika panjinga, akufuna fodya wa masamba a m'munsi amene wauma m'chigafa. Ukamugulitsa, tenga nyemba 3, lemba BELO LACHEPA, upite ku 31. Ukapita kukagwira ganyu, tenga chimanga 2, lemba MUNDA WAGONA, upite ku 8. Ukatenga katapila, tenga nyemba 4, lemba NGONGOLE, upite ku 40." Njira zitatuzi zimakakumana pa ndime ya kumsika wa okushoni wa Chinkhoma. Kumeneko kope limafunsa zimene zili pakapepala. Wa NGONGOLE amabweza nyemba 8. Wa MUNDA WAGONA fodya wake amatsika giredi. Wa BELO LACHEPA amalandira zochepa chifukwa anadyeratu.

Pa ndime imeneyi mungaonepo zinthu zitatu zimene zimapanga chosankha chabwino. Choyamba, njira iliyonse ikhale ndi phindu ndi mtengo wake. Walira mvula walira matope. Mukafunsa munthu kuti asankhe pakati pa thumba la ndalama ndi kulumidwa ndi njoka, simunamufunse kanthu. Chachiwiri, wosewera adziwe zokwanira kuti aganize. Kumuuza kuti "kumanja kapena kumanzere" popanda chizindikiro chilichonse ndi kumuchititsa maere. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti katapila amaluma, choncho womutenga amamutenga maso ali gwa. Chachitatu, zotsatira zina zichedwe. Chinthu chimene munachita pa nazale chikakupezani pamsika, mumazindikira kuti sewerolo likukumbuka.

Mulu wa timiyala ndi umene ndimaukonda kwambiri. M'chigawo chachiwiri muli kantchito kapadera: agogo a pafupi denga la nyumba yawo lagwa, ndipo mungathe kutaya tsiku lowokera kuti muwathandize. Mukatero fodya achedwa, koma mupata timiyala 2. Patsogolo, pamene mabelo adindidwa ndipo pakufunika ngolo yowafikitsa kumsewu, kope limati: "Ngati uli ndi timiyala 6 kapena kuposa, amalume a m'mudzi akubwereka ngolo ulere. Apo ayi, lipira nyemba 2." Sindilemba kuti wothandiza agogo ndi munthu wabwino. Wosewera amadzionera yekha. Ndipo nthawi zina wothandizayo amalepherabe kupeza fizi, pakuti m'moyo zimachitika.

Nanga mwayi? Pali zinthu zimene mlimi sangazilamulire, monga mvula, matalala ndi mtengo wa tsiku logulitsa. Zimenezi zokha ndizo ndimazisiyira madayisi. Madayisi awiri angagwe m'njira 36. Nambala 7 imatuluka m'njira 6, pamene 2 ndi 12 zimatuluka m'njira imodzi iliyonse. Choncho ndinaika matalala pa 2 ndi 12, ndiye kuti kamodzi pa maulendo 18, ndipo mvula yabwino ndinaiika pa 7 kupita m'mwamba, njira 21 mwa 36. Ngati mulibe madayisi, lembani 1 mpaka 6 m'zitsekerero za mabotolo, muziike m'kapu, mutole chimodzi, mubwezere, mutolenso. Chenjerani kuti dayisi lisamalize sewero lokha. Matalala achepetse zokolola, koma wosewera atsale ndi chochita.

Polemba, yambani ndi mapu. Jambulani timabokosi papepala lalikulu, mulumikize ndi mivi, ndipo muonetsetse kuti bokosi lililonse lili ndi muvi wolowa ndi wotuluka, kupatula chiyambi ndi mathero. Mukatha apo mwazani manambala, kuti wowerenga ndime 23 asaone yankho lake pa 24. Kenaka patsani anzanu atatu kapena anayi asewere, inu mutakhala chete. Onse akasankha njira imodzi pa ndime ina, dziwani kuti zinazo n'zofooka ndipo zikufunika kuwonjezera phindu. Akafunsa kuti "bwanji sindingagulitse mbuzi?", lembani funsolo, chifukwa akupatsani njira yatsopano. Mutu umodzi susenza denga.

Za mathero, musakhale ndi awiri okha, kupambana ndi kulephera. Mwa anga 6 muli amene fizi yapezeka koma nkhokwe ili mbee, ena banja ladya koma mlongo wadikira teremu ina, ndi enanso amene mnyamatayo waganiza zogawa munda chaka chamawa kuti alimeko soya ndi mtedza. Osewera akamaliza amayamba kutsutsana kuti mathero abwino ndi ati, ndipo mkangano umenewo umatenga nthawi kuposa sewero lenilenilo.

Amene ali ndi mwayi wa kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya Twine, imene Chris Klimas anaitulutsa mu 2009. Imajambula timabokosi ndi mivi yomweyi pa sikirini. Koma nzeru yake ndi yomweyo ya m'kope. Choncho anzanga, patchuthi chikubwerachi yesani. Wa kunyanja alembe za msodzi ndi mwera, wa m'tauni alembe za kondakitala wa minibasi. Yambani ndi ndime 20 ndi mathero atatu. Tikatsegulira tidzasinthane makope, tione ngati mwana wa ku Lilongwe angafikitse belo ku Chinkhoma.