Masewera a Kugwetsa Timitengo

Ana ambiri adziwa nsikwa, masewera a kugwetsa zitsononkho za cimanga. Ku America kuli masewera ofanana nawo ochedwa bowling, amene malamulo ace anagwirizanitsidwa mu mzinda wa New York m'caka ca 1895. Wosewera akunkhuniza mpira wolemera, wosapitirira mapaundi 16, pa njira ya matabwa osalala, kuti agwetse timitengo 10 toimikidwa pa mtunda wa mapazi 60.

Masewerawa ali ndi zigawo 10. Munthu akalephera kugwetsa timitengo tonse pa kuponya koyamba, aloledwa kuponya kaciwiri. Wogwetsa tonse nthawi 12 zotsatana apata mapointi 300, ndipo palibe angapose pamenepo.

Wophunzira apenya timitengo naponya ndi mphamvu zace zonse. Katswiri satero ai. Iye apenya mivi yolembedwa pa matabwa, mapazi ngati 15 patsogolo pace, pakuti kulunjika cinthu capafupi sikubvuta. Aimanso pa malo amodzimodzi, nayenda ndi mayendedwe omwewo nthawi zonse, kufikira dzanja lizolowera. Kamtengo kamodzi kakatsala sakapeputsa, cifukwa akakagwetsa, timitengo ta kuponya kotsatira tiwerengedwa kawiri.

Koma cacikuru ndico mtima. Wokwiya cifukwa ca kuphonya kamodzi aumitsa dzanja, naphonyanso. Wanzeru ayamba wapuma, aona pamene analakwa, nabwerera ku mpira wace ndi mtima wofatsa. Paja akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.