Kutsika mu Benz ku Katawa: Kusankha Galimoto Yolowa M'malo mwa Yapamwamba

Munthu amene wakhala akuyendetsa galimoto yapamwamba, monga Mercedes-Benz, BMW, Range Rover kapena Land Cruiser ya V8, amakumana ndi vuto lomwe wogula galimoto koyamba salidziwa, chifukwa iye amakhala atazolowera kale mpando wofewa, injini yosasokosa ndiponso ulemu umene alonda a pazipata amapereka asanaone n'komwe nkhope ya woyendetsa. Ikakwana nthawi yoti galimotoyo ichoke pakhomo, kaya chifukwa yakalamba, kaya mwini wake wapuma pantchito ndipo ofesi yaleka kumuthirira mafuta, kaya malonda sakuyenda monga kale, funso la galimoto yolowa m'malo mwake limasakanikirana ndi funso lina lomwe silitchulidwa poyera, loti anthu anena chiyani. Ku Katawa, dera la mumzinda wa Mzuzu komwe anthu amadziwana ndipo amazindikira galimoto ya mnzawo ikadali patali, funso lachiwirili limalemera kwambiri, moti ena amagula galimoto yoyankha miseche ya oyandikana nawo m'malo mogula yoyenerana ndi misewu imene amayendamo.

Mawu oti galimoto yapamwamba amatanthauza galimoto imene opanga ake anaikamo zinthu zambiri zoposa zofunika kuti munthu achoke pakhomo n'kukafika kumene akupita, monga mipando yachikopa yoyenda ndi magetsi, injini yaikulu, makompyuta ochuluka olamulira mabuleki, giya ndi mpweya wa m'kati, komanso zipangizo zomeza mabampu kuti wokwera asawamve. Zinthu zimenezi n'zomwe zimakweza mtengo galimoto ikakhala yatsopano, ndipo n'zomwenso zimayamba kufa chimodzichimodzi ikapitirira zaka 10. Mtengo wogulira galimoto yotere umatsika chaka ndi chaka mpaka kufanana ndi wa galimoto wamba, koma mtengo wokonzetsera sutsika nawo, popeza sipeyala ya galimoto imene inali yodula pamene inkapangidwa imakhalabe yodula ngakhale galimotoyo itagulitsidwa kachinayi. Chikomekome cha mkuyu chimenechi n'chomwe chimakola anthu ambiri amene, atagulitsa galimoto yapamwamba yowavuta, amathamangira ina yapamwamba yakale kwambiri poganiza kuti apeza mwayi.

Kukwera kwa mtengo wa masipeyala kukugwirizana ndi mphamvu ya kwacha, chifukwa Malawi sapanga magalimoto ndipo chilichonse, kuyambira fyuluta mpaka giyabokosi, chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 n'kufika pa K1,700. Izi zikutanthauza kuti sipeyala ya madola 500, imene inkafuna K590,000, inayamba kufuna K850,000 usiku umodzi wokha, ndipo poti madola m'mabanki amasowa, amalonda ambiri amawerengera mitengo yawo pa dola ya pamsika wosavomerezeka, imene imakhala yokwera kuposa apa. M'mwezi womwewo bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mitengoyi yakweranso pambuyo pake. Kusiyana kwa kamwedwe ka mafuta kumaoneka bwino pa ulendo wochoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe ndi kubwerako, umene ndi wa makilomita pafupifupi 720: galimoto yomwa malita 14 pa makilomita 100 alionse ifuna malita pafupifupi 100, pamene yomwa malita 8 ifuna osafika 60. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga zomwe zinachitika mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, pamene malo ena omwetsera ankapereka malita owerengeka kwa galimoto iliyonse, mwini injini yaikulu ankabwerera pamzere msanga kuposa anzake.

Woyamba kufunsidwa posankha galimoto ayenera kukhala msewu. Mzuzu ndi mzinda wa mvula yambiri, imene imagwa nthawi yaitali kuposa m'zigawo zina za dziko lino, ndipo misewu yambiri yolowa m'makomo a m'madera monga Katawa, Chibavi, Masasa ndi Mchengautuba ndi yadothi, yomwe imaterera ndi kukumbika madzi akadutsamo. Pamisewu yotere chinthu chofunika kwambiri ndi mpata umene uli pakati pa nthaka ndi mimba ya galimoto. Magalimoto apamwamba a mtundu wa saluni, ndiye kuti aafupi okhala ndi buti kumbuyo, anapangidwira misewu yosalala ya ku Ulaya, choncho amakhula pansi pa bampu iliyonse, ndipo matayala awo opyapyala m'mbali, amene amakongoletsa galimoto ndi kuithandiza kukhota mwaliwiro, amatupa kapena kupinditsa rimu akamenya dzenje limodzi lokha. Magalimoto apamwamba ataliatali athana ndi vuto la kukhula pansi, koma ambiri mwa iwo, makamaka Range Rover ndi mitundu ina ya Mercedes-Benz, amakhala pa mabaluni a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Mabaluniwa amadzazidwa ndi kapampu koyendera magetsi, ndipo n'chifukwa chake galimoto yotere imayenda ngati ikuyandama, koma labala yake ikauma n'kuyamba kutaya mpweya, galimoto imadzuka m'mawa itagwada mbali imodzi, ndipo kapampu kamapsa chifukwa chogwira ntchito mosapuma.

Munthu wa ku Katawa sayenda m'tauni mokha. Maulendo a kumudzi, a kumaliro ndi a kumunda amamutengera ku Mzimba kudzera m'nkhalango ya Chikangawa komwe kumagwa chifunga, ku Nkhata Bay pamsewu wa M5 umene umatsetsereka kulowera kunyanja, ku Rumphi ndi ku Hewe, kapena ku Karonga kudzera m'mapiri a Chiweta, komwe mabuleki ndi giya zimayesedwa zenizeni. Pa maulendo amenewa galimoto imanyamula abale, matumba a chimanga ndi feteleza, ndipo palibe mwini galimoto amene angakane kunyamula anamfedwa ponena kuti mipando yake ndi yachikopa. Galimoto yoyenera moyo wotere ndi imene ikawonongeka pa Bwengu kapena pa Jenda, makaniko wa pafupi angathe kuitsegula n'kuifikitsa kunyumba.

Apa m'pamene nkhani ya amakaniko ikulowera. Galimoto yamakono ikadwala imalumikizidwa ku kompyuta imene imawerenga zolakwika zomwe galimotoyo yasunga, ndipo magalimoto a ku Germany ndi ku Britain kawirikawiri amafuna mapulogalamu awoawo, kotero kuti ngakhale sipeyala yatsopano imayenera kudziwitsidwa ku kompyuta ya galimoto isanayambe kugwira ntchito. Akatswiri a ntchito imeneyi ndi ochepa, ndipo ochuluka mwa iwo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zomwe zikutanthauza kuti vuto laling'ono lingafune kukweza galimoto pa lole ulendo wa tsiku lathunthu, kuwonjezera pa milungu yodikira sipeyala yochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai. Magalimoto a Toyota, Nissan ndi Isuzu ali ndi mwayi woti ndi ochuluka m'misewu, choncho masipeyala awo, atsopano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, amapezeka m'mashopu a mu Mzuzu momwemo, ndipo kampani yogulitsa magalimoto a Toyota m'dziko muno ili ndi nthambi mumzindawu. Pali chinthu china chomwe ogula saganizira, chokhudza injini za dizilo zamakono, zomwe zili ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi. Sefayi imadziyeretsa yokha pokhapokha injini itatentha mokwanira pa ulendo wautali, ndipo munthu amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wochoka ku Katawa kupita kuntchito m'tauni, mtunda wa mphindi zochepa, amaitseka pang'onopang'ono mpaka galimoto itafooka. Kwa munthu wotere petulo ndi yabwino kuposa dizilo, ngakhale dizilo imayenda mtunda wautali pa lita.

Poona zonsezi, wofuna kusankha mwanzeru ayambe wadzifunsa kuti m'galimoto yapamwamba ija n'chiyani kwenikweni chomwe ankagwiritsa ntchito, chifukwa anthu ambiri akalingalira bwino amapeza kuti ndi zinthu zochepa: bata la m'kati, mphamvu yodutsira malole pamtunda, chitetezo pa ngozi ndi kukhala pamwamba. Zimenezi zimapezeka m'magalimoto apakatikati. Toyota Harrier, imene inayamba kupangidwa mu 1997 ndipo mitundu yake iwiri yoyambirira inkagulitsidwa m'maiko ena ndi dzina la Lexus RX, imapereka bata ndi mipando yabwino pa injini yaing'onopo, ndipo ikuyenera munthu amene maulendo ake ambiri ndi a pa tala. Toyota Fortuner, imene imapangidwa ku Durban m'dziko la South Africa pa mafupa omwewo a Hilux, ndi yolimba pamsewu wadothi, koma wochokera mu Mercedes-Benz adziwiretu kuti imadumphitsa ndipo masabata oyamba adzadandaula. Land Cruiser Prado ili pakati pa ziwirizi, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake sugwa msanga, ngakhale wogula ayenera kusamala popeza mitundu ina ya pamwamba penipeni nayonso ili ndi mabaluni a mpweya kumbuyo. Njira ina, imene mabanja ena amaitsata mwakachetechete, ndi yogawa ndalama pawiri: pikapu ya zitseko zinayi monga Hilux, Isuzu D-Max kapena Ford Ranger ya maulendo ataliatali, ndi kagalimoto kakang'ono monga Honda Fit kapena Toyota Vitz ka m'tauni. Ndi njira yanzeru kwa amene ali ndi munda kapena bizinesi, bola akumbukire kuti inshulansi, matayala ndi chiphaso cha COF, chomwe chimatsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, zonsezi azilipira kawiri.

Magalimoto a haibulidi, omwe amagwiritsa ntchito injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi ndipo batire yake imadzidzaza yokha poyenda, amapulumutsa mafuta kwambiri m'tauni, koma wogula yogwiritsidwapo kale ntchito ayezetse batire yaikuluyo asanalipire. Galimoto yoyendera magetsi okhaokha ikadali yovuta kwa munthu wa maulendo a kumudzi, komwe kulibe pochajira.

Pa kagulidwe, anthu a ku Mzuzu ali ndi mwayi woti magalimoto ambiri ochokera ku Japan amatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa makilomita oposa 900 mpaka kuchipata cha Songwe m'boma la Karonga, kotero kuti Mzuzu ndiwo mzinda woyamba m'dziko muno pa njirayo. Magalimotowa amachuluka pamsika chifukwa lamulo la ku Japan limafuna kuti galimoto iyesedwe ikakwanitsa zaka 3, kenako pakatha zaka 2 zilizonse, ndipo popeza kuyesetsako n'kodula, eni ake ambiri amaigulitsa ikadali yabwino. Mtengo wolembedwa pa intaneti ndi gawo chabe la ndalama zonse, chifukwa pamwamba pake pamabwera za sitima, za padoko, za dalaivala ndi msonkho wa bungwe la MRA, umene umakula malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Choncho galimoto yapamwamba yakale ya injini yaikulu, imene imaoneka yotsika mtengo pa foni, ndiyo imakanthidwa kwambiri pachipata, ndipo ndi bwino kufunsa ku MRA kuchuluka kwa msonkho ndalama zisanatumizidwe. Wogula galimoto yomwe ili kale m'dziko muno aonetsetse kuti nambala ya chasisi ikufanana ndi yolembedwa mu bulubuku, kuti galimotoyo si chikole cha ngongole, ndiponso kuti kusintha umwini kwachitikira ku ofesi ya boma yoona za pamsewu iye ndi wogulitsa alipo, osati kudzera mwa madobadoba, anthu oima pakati amene amalonjeza kufulumizitsa mapepala.

Kugulitsa galimoto yakale ija nako kumafuna kulimba mtima. Ogula magalimoto apamwamba ku Mzuzu ndi ochepa, ndipo mwini wake, pokumbukira ndalama zimene anagulira ndi zimene wawononga pokonzetsa, amatchula mtengo womwe msika sungavomere. Galimoto imakhala pabwalo miyezi, batire imafa, matayala amaphwa, makoswe amadya mawaya, ndipo pomaliza imagulitsidwa motsika kuposa mtengo umene unakanidwa poyamba. Nthawi yabwino yoigulitsa ndi pamene ikuyenda ndipo COF yake ikadali ndi mphamvu, ndipo kuitengera ku Lilongwe, komwe ogula ndi akatswiri ake ali ochulukirapo, kawirikawiri kumapindulitsa kuposa kudikira wogula pakhomo. Pa ndalama zopezekazo, gawo lina lisungidwe la matayala, sevisi yoyamba ndi inshulansi, popeza galimoto yongogulidwa kumene siichedwa kuonetsa zimene wogulitsa sananene.

Za kuopa kunenedwa kuti ndalama zamuthera, zoona zake n'zoti miseche yotere imatha m'masabata ochepa, pamene ngongole ya kugalaja imakhalapo chaka chonse, ndipo anthu omwewo amene amaseka munthu wotsika mu Benz amasekanso kwambiri akamuona pa kabaza galimoto yake ili pamiyala. Kwa wokhala ku Katawa amene amalipira yekha mafuta ndi makaniko, galimoto yaitali ya ku Japan kapena ya ku South Africa, ya injini yosapitirira malita 3, ya masipuling'i achitsulo ndiponso ya zaka zochepa monga momwe thumba lingalolere, ndiyo yoyenera kulowa m'malo mwa yapamwamba. Kugulanso yapamwamba kukuyenera yekhayo amene angathe kuigula ikadali yatsopano, ndipo ali ndi galimoto ina yoyendera pamene iyo ikudikira sipeyala.