Onsen

Onsen ndi dzina la Chijapani la akasupe a madzi otentha ochokera pansi pa nthaka, komanso la nyumba zosambiramo zomangidwa pa akasupewo. Dziko la Japan lili ndi akasupe ambiri otere chifukwa cha mapiri ake ophulika. Lamulo la m'chaka cha 1948 limati kasupe amatchedwa onsen ngati madzi ake akutuluka ndi kutentha kosachepera madigiri 25, kapena ngati ali ndi mchere wina wa m'nthaka pa mlingo woikika. Malo otchuka ndi monga Beppu, Kusatsu ndi Dogo, komwe nyumba yake yaikulu inamangidwa mu 1894. Ku Malawi akasupe otere amapezeka ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi ku Mawira ku Nkhotakota.

Gwero la mwambo

Munthu wozolowera kusamba padooko, monga a m'midzi ya kwa Katunga ku Chikwawa, amadziwa kuti thovu ndi litsiro zimapita ndi mtsinje. Ku onsen anthu ambiri amakhala m'dziwe limodzi, choncho dziwelo ndi loviikamo thupi loyera kale, osati lotsukiramo litsiro. Malamulo ambiri amachokera pamenepa.

Asanalowe m'dziwe

Mlendo amavula nsapato pakhomo. Amuna ndi akazi amasamba kosiyana: nthawi zambiri nsalu yabuluu pachitseko imasonyeza kwa amuna, yofiira kwa akazi. Zovala zonse zimatsala m'dengu kapena m'kabati, pakuti anthu amalowa m'madzi osavala kanthu.

Kenako munthu amakhala pakampando n'kusamba thupi lonse ndi sopo, mosamala kuti asathire madzi mnzake wa pambali. Akatsukuluza thovu lonse amatsukanso kampando ndi kabeseni.

M'dziwe

Madzi amakhala otentha pafupifupi madigiri 40 mpaka 42, n'chifukwa chake munthu amayamba wadzithira pang'ono kumiyendo asanalowe. Kathaulo kamene amanyamula sikaviikidwa m'madzi; ambiri amakapinda n'kukaika pamutu. Tsitsi lalitali limamangidwa m'mwamba. Kusambira ngati pamtsinje, kuchapa, kuchita phokoso ndi kujambula zithunzi n'koletsedwa. Woledzera sayenera kulowa chifukwa kutenthako kungamukomole. Potuluka, munthu amadzipukuta asanabwerere kovalira kuti asanyowetse pansi.

Zojambula pakhungu

Malo ambiri amabweza anthu odzijambula pakhungu, chifukwa ku Japan zojambulazi zinkadziwika ndi magulu a zigawenga otchedwa yakuza. Kafukufuku wa nthambi ya boma yoona zokopa alendo mu 2015 anapeza kuti mahotela ndi nyumba za alendo zoposa theka mwa zimene zinayankha zinkawakana. Ena amalola chojambula chaching'ono chikamatidwa, ndipo kwina mlendo amatha kulipira chipinda chosambiramo payekha. N'chifukwa chake alendo otere amalangizidwa kufunsiratu asanapite.