CITOLIRO SI CIDOLE CA ANA

Mnyamata wa kwa Msoro akadula bango m'mbali mwa Lupande, naboola timaenje ndi citsulo camoto, akulu amangoseka, nati ndi masewera a ana. Komatu kacipangizo kameneka kali ndi mbiri yoyenera kuimva.

Amuna amene anagwira nchito ku Joni akumbukira anyamata oyimba kwela m'miseu ya Johannesburg. Citoliro cao cinali cacitsulo, ca maenje 6, cogulidwa ndi makobiri ocepa m'sitolo. Mu 1954 Spokes Mashiyane anajambula nyimbo yake ya Ace Blues, ndipo mbale za galamafoni zinafalitsa mayimbidwewo kufikira kumpoto kwa Zambezi. Kwa Cileka, pafupi ndi Blantyre, mwana wina dzina lake Donald Kachamba, wobadwa mu 1953, anauphunzira mwambowu, mkulu wake Daniel akumuyimbira gitala. Gerhard Kubik wa ku Vienna anawapeza akuyimba mu 1967, ndipo pambuyo pake Donald anayimba m'maiko ambiri kufikira imfa yake mu 2001.

Cinsinsi ca oyimba kwela cinali m'kamwa. Sanali kugwira citoliro ndi milomo yokha ai, koma anali kucilowetsa m'kati copendeka, caku tsaya, kuti liu likule ndi kupindika monga la munthu. Gitala anali kubwereza kanjira kamodzi komweko, pamene citoliro cinali kuzungulira nyimboyo, kuisiya ndi kuibwereranso.

Luso lotere si la masiku ano. Ku Holland, mu mzinda wa Utrecht, kunali Jacob van Eyck, munthu wosaona cibadwire, amene anayamba nchito yoyimba mabelu a pa nsanja ya chalichi cacikuru mu 1625. Makutu ake anali akuthwa kotero kuti amisiri osula mabelu, abale awiri a Hemony, anapindula ndi nzeru zake. Koma madzulo anali kutenga citoliro camtengo, ca maenje 7 pamwamba ndi limodzi pansi la cala cacikuru, nakakhala pa bwalo la Janskerkhof pamene anthu anali kupitidwa mphepo.

Iye sanali kupeka nyimbo zacilendo. Anali kutenga zimene anthu anazidziwa kale, za m'miseu, za cikondi, masalmo, ndi zina zocokera ku England ndi France. Poyamba anali kuyimba nyimboyo poyera, kuti aliyense aizindikire. Kaciwiri anali kuphwanya liu lililonse lalitali kukhala timau tiwiri kapena tinai. Kacitatu kuphwanyanso, kufikira zala zikuthamanga ngati mpheta, koma nyimbo ija ili cimvekere pansi pake. Analibe mnzake womuthandiza. Mpweya wake wokha unasenza zonse.

Popeza sanali kuona, ena anamlembera, ndipo Paulus Matthysz wa ku Amsterdam anasindikiza nyimbozo kuyambira mu 1644. Buku lake, Der Fluyten Lust-hof, lili ndi nyimbo zoposa 140, ndipo ophunzira citoliro akali kuliwerenga.

Apa mpamene pali kusiyana kowawa. Anyamata a kwela kawirikawiri anali kuyimba diso lili ku galimoto la apolisi. Koma Van Eyck, mu 1649, akuru a chalichi anamkwezera malipiro, namuuza kuti azipitiriza kusangalatsa oyenda pa bwalo madzulo ndi kacitoliro kake. Anamwalira mu 1657.