Kodi pa Chiweta woponda mabuleki ndi Mulungu?

Inu amene munayendapo pa msewu wochoka ku Mzuzu kupita ku Karonga mukudziwa zomwe zimachitika minibasi ikayamba kutsetsereka pa Chiweta, m'boma la Rumphi. Nkhani zonse zimatha. Wodya nthochi amaleka kutafuna.

Tsiku lina ndinakwera minibasi yodzaza ndi amayi a geni opita kukapikula mpunga ku Karonga. Tili pakati pa makona, fungo la mabuleki opsa linadzaza m'galimoto. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza, misozi ili chuchuchu, anzake n'kumavomera kuti ameni. Ine ndinati: "Adalaivala, bwanji tiime kaye mabulekiwa azizire?" Anandiyankha si dalaivala ayi, koma mayi wopemphera uja: "Achimwene, musatichedwetse. Tsiku lanu likakwana lakwana basi, ngakhale mutagona pa mphasa kwanu." Galimoto yonse inaseka ine.

Mawu amenewa timawamva paliponse. Mwana akamwalira ndi matenda otsekula m'mimba, pa maliro timati chinali chifuniro cha Mulungu, koma chitsime chomwe anamwapo madzi chidakali chosavindikira. Wophunzira amakesa pa mapemphero a usiku wonse osatsegula buku, akalephera mayeso ati sizinalembedwe. Ine ndinakulira m'kalasi ya CCAP, ndipo kuti Mulungu ndiye wolamula zonse sinditsutsa. Chomwe ndikukana n'kusandutsa chiphunzitso chimenechi pilo wogonera.

Mukatsika Chiweta n'kufika pa Chitimba, kwezani maso kuphiri. Pamwamba pake ndi pa Khondowe, pomwe pali mishoni ya Livingstonia. Anaimanga ndi anthu a Chipresibeteriya ochokera ku Scotland, omwe pa nkhani yoti Mulungu anakonzeratu zonse anali ouma khosi kuposa mayi wa mu minibasi uja. Nanga anachita zotani?

Dr Robert Laws ndi anzake anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875. Malungo anawapulula, manda n'kumachuluka kuposa obatizidwa. Woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Akanatha kukhala pomwepo n'kumati chakudza sichiimba ng'oma. Koma anasamukira ku Bandawe chaka chomwecho, ndipo ataona kuti kumenekonso malungo sakuwasiya, mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe kufuna malo a mphepo yabwino. Kumeneko anakoka madzi a m'mipope, anapanga magetsi pogwiritsa ntchito mphamvu ya madzi, anatsegula sukulu ya aphunzitsi ndi amisiri, komanso chipatala cha David Gordon Memorial. Msewu wa Golodi, wa makona pafupifupi 20 uja, anausema ndi makasu ndi mapiki anthu a kuno komwe. Laws anali mbusa komanso dokotala. Ankapempherera wodwala kwinaku akumumwetsa kwinini, ndipo sanaone ngati ziwirizi zikulimbana.

Sindikuwayeretsa azunguwa. Anachedwetsa kwambiri kudzoza abusa achikuda, mpaka 1914 pomwe Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa anadzozedwa, ndipo Mwasi anadzatopa nawo n'kutuluka mu 1933 kukayambitsa mpingo wake. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono za misozi. Ena a inu a ku koleji mumaseka anthu olira m'mafelosipu, mumati n'kutengeka chabe. Mkangano umenewu si wa lero. Mu 1898 Donald Fraser anayamba kuchititsa misonkhano ikuluikulu ya chitsitsimutso ku Ekwendeni, anthu zikwizikwi n'kumagona m'misasa masiku angapo. Iye ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a kwawo. Mu 1910 mlaliki wochokera ku England, Charles Inwood, atayendera mamishoni a kumpoto, anthu ankalira ndi kuulula machimo mofuula. Laws zoterezi ankaziyang'ana ndi diso lokayika. Ine ndimati onse awiri anali ndi mbali yawo. Chikhulupiriro chopanda mtima n'chouma ngati nsima yogona, ndipo munthu amene sanagwetsepo msozi pamaso pa Mulungu ndimamukayikira. Funso langa n'lakuti, misoziyo ikauma, munthuyo amadzuka kukachita chiyani?

Yankho labwino ndinalipeza pa Khondowe pomwepo, pafupi ndi nyumba ya miyala ya Stone House. Pa 3 Marichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo. Dr Banda ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress anamangidwa, ndipo tsiku lomwelo asilikali anapha anthu osachepera 20 pa doko la Nkhata Bay. Boma la atsamunda linkafalitsa mphekesera yoti anthu akuda akonza zopha azungu. M'masiku amenewo ndege inazungulira pa Livingstonia n'kuponya uthenga: azungu a pa mishoni aike chizindikiro pansi chosonyeza ngati akufuna kusamutsidwa kapena ayi.

Taganizani mantha omwe analipo. Panali amayi ndi ana, ndipo njira yotsikira inali Golodi yemwe uja. Panalinso mkwiyo wa ana a sukulu ndi aphunzitsi omwe abale awo anali kukwizingidwa. Palibe akanawadzudzula akanathawa, ndipo akanathanso kungokhala chete n'kumati Mulungu adziwa yekha. Koma anakumana, akuda ndi azungu, anapemphera, anakambirana, n'kugwirizana kuti palibe achoke. Kenako anatuta njerwa, kuzipaka laimu, n'kuziyala pa kapinga kuti wa mu ndege awerenge: Aefeso 2:14, vesi lokamba za Khristu wogwetsa khoma lolekanitsa mitundu ya anthu. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala, pa nthawi yomwe boma la chitaganya linkafuna dziko lapansi likhulupirire kuti wakuda ndi mzungu sangakhulupirirane ku Nyasaland. Malembawo anadzawamanga okhazikika pa malo omwewo.

Njerwa zija sizinagwe kuchokera kumwamba. Wina anazisenza, wina anasungunula laimu, mwina manja akunjenjemera. Mantha analipo, pemphero linalipo, kudalira Mulungu kunalipo, ndipo zonsezo zinathera pa chisankho chomwe akanatha kufa nacho.

Ulendo uja ine ndinatsikira pa Chitimba. Ndili kudikira chenje kwa kondakitala ndinayang'ana tayala la kumbuyo: losalala ngati dazi, mawaya ali poyera. Ndinamuonetsa, iye n'kungoti: "Latifikitsa kuno, bwana, likatifikitsanso." Mayi uja anasuzumira pa windo n'kunena kuti andipempherera kuti ndikhale ndi chikhulupiriro. Ndinathokoza, paja pemphero sakana. Minibasi inanyamuka ndi liwiro lomwe lija kulowera ku Chilumba.