Kavalo, Bulu ndi Ng'ombe Zathu M'nyengo ya Mwera

M'mwezi wa July, tikamalawira kupita ku Misa yoyamba, ambiri a ife timafunda zitenje ziwiri, ena majuzi ndi zisoti, ndipo ana amaumirira pamoto kufikira mai awo atawakalipira. Podutsa pafupi ndi khola timaona ng'ombe zitaima mounjikana, nthunzi ikutuluka m'mphuno, zonse zitafulatira kumene kukucokera mphepo. Ndi ocepa amene amadzifunsa kuti ziwetozo zagona bwanji usiku wonse popanda cofunda.

Kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi akavalo sitiwaona kawirikawiri. Ana athu ambiri amawadziwira pa zithunzi cabe. Nchenche za tsetse ndi matenda ena a akavalo, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma madzulo, ndi zina mwa zimene zinaletsa nyamayi kuculuka m'maiko ano. Komabe tiyambire pa kavaloyo, pakuti iye amapirira kuzizira kumene ife sitinakuonepo. Ku Lesotho anthu amakwera akavalo m'mapiri momwe mumagwa cipale cofewa m'miyezi ya June ndi July. Ku Yakutia, m'dziko la Russia, akavalo amagona panja caka conse ngakhale kuzizire kufika madigiri 50 pansi pa ziro, ndipo amafukula udzu pansi pa cipaleco ndi ziboda zao.

Masiku akayamba kufupika, kavalo amamera ubweya wautali ndi wothithikana. Kukazizira ubweyawo umaimirira, ndipo pakati pake pamatsekereka mpweya wofunda umene umamuzinga thupi lonse. N'cifukwa cake cipale cikhoza kukhala pamsana pake osasungunuka, pakuti kutentha kwa thupi sikutulukira kunja. Mphepo ikakula amaifulatira, nazolika mutu, naima pafupi ndi anzake. Koma moto weniweni uli m'mimba. Udzu umene wadya umakafika m'matumbo aakulu, mmene tizamoyo tosaoneka ndi maso timauphwanya pang'onopang'ono, ndipo nchito imeneyi imatulutsa kutentha kwa maola ambiri. Amene amasunga akavalo m'maiko ozizira amaonjezera udzu wouma madzulo a usiku wa cisanu. Cimene amaopa kwambiri ndi mvula yodza ndi mphepo, cifukwa ubweya ukanyowa umagona pansi, mpweya wofunda uja n'kuthawa.

Ng'ombe nayonso ili ndi moto womwewo, kungoti wake uli m'cifu, ndipo ikamabzikula usiku ndiye kuti ikusonkhezera. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39. Ng'ombe zathu za mtundu wa Angoni, zija za linunda, zili ndi ubweya waufupi woyenera dziko lotentha. Ngakhale zili tero, kuzizira kwa kuno, kumene usiku wa July kumatsikira ca m'ma madigiri 10, sikungagwetse ng'ombe yokhuta. Yanjala ndiyo imavutika. Tsoka lake n'lakuti cisanu cimafika nthawi yomwe msipu wauma ndi kutha mphamvu, ndipo ife tomwe timaonjezera vutolo potentha chire ndi mapesi, kawirikawiri pofuna mbewa zocepa zosadzaza n'mbale yomwe. Ng'ombe ikasowa udzu imadzifunditsa ndi mafuta a m'thupi mwake. Pofika kumapeto kwa August, pamene anthu akhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba mphepo ili kuulutsa fumbi, nthiti zayamba kale kuwerengeka. Mvula yoyamba ikagwa ndi mphepo yozizira, zoonda zija zina zimagona osadzukanso, ndipo zotsala zimalephera kukoka pulawo. Munda umabzalidwa mocedwa, nkhokwe n'kudzacepa caka cotsatira. Tinaziona bwino zimenezi mu 2024, caka cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse.

Za bulu tinenepo mwapadera, pakuti timamulakwira kwambiri. Popeza sadandaula, timayesa kuti ndi wolimba pa zonse, ndipo akacoka pangolo timangomumangirira pamtengo. Makolo a bulu anacokera ku maiko ouma a kumpoto cakum'mawa kwa Africa. Ofufuza a ku England anapeza kuti ubweya wake susintha kwenikweni m'nyengo yozizira monga umacitira wa kavalo, ndiponso kuti mvula ndi mphepo zikayamba, bulu ndiye amafulumira kufuna pobisala. Pamene Fransisko Woyera wa ku Assisi anakonza khola la Khirisimasi ku Greccio m'caka ca 1223, anaikamo ng'ombe ndi bulu, ndipo kufikira lero timawaika m'khola la m'chalichi, pansi pa denga. Wathu wamoyo kunyumba, amene wasenza cimanga ndi madzi tsiku lonse, ali pamtetete.

Zofunika kucita sizilira ndalama zambiri. Mphepo ya mwera imacokera kum'mwera cakum'mawa, conco mbali imeneyo ya khola ichingidwe ndi mpanda wa udzu kapena mapesi, ndipo pakhale kadenga pomwe ziweto zingausepo mvula. Ndowe ndi matope zicotsedwe zipite kumunda, pakuti nyama yogona ponyowa imataya kutentha kwambiri. Mapesi ndi zotsala za nshawa tiziunjike pansanja tikangokolola, ciswe ndi moto zisanatilande, ndipo tizipatse ziweto madzulo pamodzi ndi gaga pang'ono ndi mcere. Ana a ng'ombe ndi a mbuzi, amene cifu cao sicinakhwime, ndiwo oyamba kufa. Agone pa udzu wouma, ndipo khola la mbuzi la m'mwamba lichingidwe m'munsi kuti mphepo isalowere pansi. Koma tisatseke ponseponse, cifukwa mpweya woipa wa mkodzo ukatsekeredwa umabweretsa cibayo. Kumwamba kukhale mipata.

M'miphakati yathu muli agogo ndi amai amasiye amene ali ndi ng'ombe ziwiri kapena mbuzi zisanu koma alibe wowadulira udzu. Acinyamata asanu atasonkhana Loweruka limodzi m'mwezi wa May angathe kumanga mpanda wa khola limodzi ndi kututa mapesi a munda wonse dzuwa lisanapendeke.