Mwana Wanu Akamapita ku Johannesburg

Amayi anzanga, mwana wanu wamkazi akapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'nyumba, musayambe kumuwerengera ndalama mwezi woyamba. Ali ndi zambiri zoti aphunzire.

Kumeneko minibasi saiimitsa ndi pakamwa. Ukaloza chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni. Ukaloza pansi, ulendo wako ngwapafupi. Mu Juni ndi Julayi kumazizira koti ngakhale wa ku Dedza amanjenjemera, tsono m'longedzereni juzi ndi bulangete. Ufa uliko, nsima amaitcha pap, koma chambo cha ku Mangochi azikangochilota.

Chachikulu ndi mapepala. Chidindo cha pa Beitbridge n'cha mlendo wodzacheza, si chilolezo chogwirira ntchito. Mufunseni zimenezi asanakwere basi, pakuti wopanda chilolezo, bwana akam'mana malipiro, amaopa kukadandaula.